Kusandutsa kabati yakale kukhala humidor ya ma cigar: njira zisanu ndi pomwe iliyonse imavutira

Kwathu ku Kasungu ndinakula ndikuona fodya wa burley akutsitsidwa m'chigafa m'mamawa mame asanakamuke, chifukwa ukamugwira masana dzuwa litakwera amangothetheka m'manja, komanso ukamuunjika ali wonyowa kwambiri amachita chuku ndipo belo yake ku okushoni imabwerera. Cigar nayenso ndi tsamba la fodya basi, longokulungidwa mwaluso, nde zomwe amafuna ndi zomwe bambo anga ankazimva ndi zala akafinya tsamba. Humidor ndi bokosi kapena kabati yomwe ntchito yake ndi kugwira chinyezi chimenecho kuti chisamakwere ndi kutsika.

Ine ndinayamba ndi kabati ya magalasi yomwe anasiya malemu mayi anga, mlamu wanga wa ku Johannesburg atayamba kundibweretsera ma cigar akamabwera ku holide. Ndinapukuta, ndinaikamo kambale ka madzi, ndinatseka. Patatha masabata atatu cigar woyamba kuyatsa ankamveka timibulu toyera tija tothamangitsira njenjete m'zovala, poti m'madilowa apansi mayi ankasungamo nsalu za patebulo kwa zaka zambiri ndipo thabwa linali litamwa fungolo. Onse ndinataya, zinandipweteka kwambiri. Nde ndikufuna inu musankhe mukudziwa.

Zoyamba kuziyang'ana musanagule olo msomali umodzi

Chinyezi chikuyenera kukhala pakati pa 65 ndi 70 peresenti, ena amafika 72 koma kuno kotentha ine sindingapitirire 69. Kutentha ndiye nkhani yomwe anthu amaiwala. Kampani ya Habanos S.A. yomwe imagulitsa ma cigar a ku Cuba imalangiza madigiri 16 mpaka 18, ambiri amavomereza mpaka 21, koma mukadutsa 22 mazira a kachikumbu ka fodya kotchedwa Lasioderma serricorne amayamba kuswa, ndipo mumangoona timabowo tozungulira ngati tobowola ndi singano komanso kafumbi kabulauni pansi pa bokosi. Ndi kachilombo komweko komwe amakathirira mankhwala m'nyumba zosungira mabelo. Ganizirani tsono chipinda cha malata chopanda siling'i ku Lilongwe mu Okutobala, kapena ku Mangochi, Nsanje ndi Tete. Thabwa olo likhale lodula bwanji siliziziritsa kanthu.

Nyengo yathunso ili pawiri. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mpweya umakhala wonyowa kuposa zomwe cigar amafuna, nde chofunika ndi chinthu choti chizimwa chinyezi, pomwe Ogasiti mpaka Okutobala kumauma gwa ndipo chofunika ndi chinthu choti chizitulutsa. Siponji yonyowa imangodziwa kutulutsa basi.

Kenako kabatiyo muiyeze. Lowetsani mutu mununkhize itakhala yotseka masiku awiri, mukamva parafini, mafuta onunkhira, sopo, timibulu tija kapena chuku, dziwani kuti thabwa lamwa kale. Usiku ikanimo tochi yoyaka mutseke, paliponse potuluka kuwala ndi pothawira chinyezi. Panani pepala pachitseko mukoke, likangosololoka mosavuta ndiye kuti chitseko sichigwira. Onaninso ngati ndi thabwa lenileni kapena ndi chipboard ndi MDF zomwe zimafufuma zikamwa chinyezi, komanso ngati mulibe timabowo ta tizilombo tofumbutsa matabwa. Ngati mkati munapakidwa penti wakalekale musamupale ndi sandipepala mwachisawawa, wina amakhala ndi mtovu.

Njira iliyonse mufunika ka hygrometer ka digito, kachipangizo koyezera chinyezi, ndipo muyambe mwakayesa. Thirani mchere m'kachitsekerero ka botolo, dontheza madzi pang'ono ungonyowa osasungunuka, ikani pamodzi ndi ka hygrometer m'pulasitiki yotseka bwino kwa tsiku lathunthu. Kakuyenera kuonetsa 75. Kakaonetsa 72 ndiye kuti muziwonjezera 3 nthawi zonse.

Njira yoyamba: kuyala Spanish cedar mkati monse, chinyezi cha mapaketi kapena timikanda

Iyi ndi yomwe aliyense amailota. Spanish cedar si wa ku Spain ndipo si cedar weniweni, dzina lake ndi Cedrela odorata, kwawo ndi ku Central ndi South America ndi zilumba za Caribbean, ndipo ndi wa banja limodzi ndi mbawa. Amamwa chinyezi n'kumachibweza pang'onopang'ono osapindika kwenikweni, fungo lake limagwirizana ndi fodya. Mumayala timatabwa ta mamilimita 6 m'mbali monse, pansi, pamwamba ndi kuseri kwa chitseko, osapaka vanishi olo pang'ono, mashelefu akhale a timizere tosiya mipata kuti mpweya uziyenda.

Mtengo. Apa ndi pomwe thumba limalira. Matabwa okha akhoza kudula kuposa kabati yonse, kuwonjezera yotumizira, msonkho ndi ya kalipentala. Chinyezi nachonso chimadya. A Boveda, kampani yopanga mapaketi omwe amamwa kapena kutulutsa chinyezi kuti chizikhala pa peresenti yolembedwa pa paketipo, amati paketi imodzi ya magalamu 60 pa malo okwana ma cigar 25, ndipo amawerengera kukula kwa malo osati ma cigar omwe muli nawo, nde kabati yokwana 500 ikufuna mapaketi 20 kapena akuluakulu a magalamu 320 okwana anayi, olo mutaikamo ma cigar khumi okha.

Kapezekedwe. M'misika ya matabwa kwathu kuno musayembekezere kumupeza. Muitanitsa kwa ogulitsa matabwa apadera ku South Africa, UK kapena America, ndipo kuyambira 2020 Cedrela wochokera kwawo ku America ali pa Appendix II ya CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a mitengo ndi nyama zomwe zingatheretu, ndiye matabwa ena amafuna mapepala podutsa malire. Alipo wodzalidwa ku Ghana ndi Côte d'Ivoire. Funsani woumitsidwa mu uvuni.

Kasamalidwe. Musanaikemo cigar thabwa liyambe lamwa, apo ayi lidzamwa kuchokera m'ma cigar anuwo. Mapaketi a 84 peresenti amatenga masiku 14, kapena mbale ya madzi osungunulidwa mwa nthunzi, distilled water, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Musapukute thabwa ndi nsalu yonyowa chifukwa limadzuka ubweya komanso likhoza kupindika. Mapaketi m'kabati ya matabwa amatha miyezi iwiri mpaka inayi, akauma gwa ndiye kuti atha. Timikanda ta silica, tomwe natonso timamwa ndi kutulutsa chinyezi, timangofuna kupopera madzi, koma madzi ake asakhale a pampopi kapena a pamjigo. Madzi a batire ogula pa filling station ndi abwino bola muwerenge botolo kuti ndi distilled kapena deionised, osati asidi.

Zoopsa. Cedar wosauma bwino amatuluka utomoni womata womwe umaipitsa chikuto cha cigar, tsamba lakunja lija. Misomali wamba imachita dzimbiri, gwiritsani ya brass kapena stainless, ndipo guluu akhale woyera wa matabwa uja, osati wa nsapato yemwe fungo lake silichoka. Musapanikize matabwa kwambiri, siyani kampata poti akamwa amafufuma. Fumbi lake limayabwa pakhosi, kalipentala avale masiki. Koma choopsa chenicheni ndi chitseko, mukhoza kuwononga ndalama zonsezo kenako chinyezi n'kumathawira m'mahinjesi ndi m'mphepete mwa galasi. Ikani labala yomata ija ya m'zitseko kuzungulira, galasi mulimate ndi silikoni wa ma aquarium yemwe alibe mankhwala ophera chuku, mudikire fungo la viniga lithe. Ndipo kutentha njira iyi sikukhudza n'komwe.

Njira yachiwiri: matabwa akwathu konkuno

Iyi ndimaikonda, ndipo ndi yomwe ndinadzatsata pa dilowa imodzi ya kabati ina. Mbawa ndi mahogany wa kuno, amamwa chinyezi bwino ndipo alibe fungo lamphamvu, opanga ma humidor ena kunja amayalanso mahogany. Palinso sindirera, Toona ciliata, yemwe kale akatswiri ankamutcha Cedrela toona chifukwa chofanana kwake ndi Spanish cedar, ndipo ku India ndi Australia thabwa lake akhala akupangira mabokosi a ma cigar. Fungo la cedar mukalifuna mumangoikamo mabokosi akale a ma cigar kapena timapepala ta cedar topyapyala tomwe timabwera m'mabokosimo.

Chonde, mkungudza wa ku Mulanje ayi. Anthu akamva kuti cedar amathamangira komweko, koma uwu ndi mtengo wina, Widdringtonia whytei, mafuta ake ndi amphamvu moti fodya amangomveka ngati bokosi la zovala, komanso ndi mtengo wa fuko lathu womwe watsala pang'ono kutheratu m'phiri muja chifukwa chodula mozemba. Paini nayenso ali ndi utomoni, bulugamu amang'aluka ndi kupindika.

Mtengo. Wotsika kwambiri poyerekeza ndi njira yoyamba, zidutswa zotsala kwa kalipentala zikhoza kukwana poti mukufuna timatabwa topyapyala. Ndalama ya mapaketi kapena timikanda ndi yomweyo.

Kapezekedwe. Bwinoko ndithu, ngakhale mbawa weniweni akusowa ndipo ena amagulitsa thabwa lina lofiira n'kumati ndi mbawa. Pitani ndi mmisiri wodziwa, mufunsenso komwe lachokera kuti musalimbikitse odula mitengo m'nkhalango zotetezedwa.

Kasamalidwe. Chimodzimodzi ndi njira yoyamba.

Zoopsa. Matabwa ambiri a pamsika amakhala aawisi, anachekedwa mwezi watha, nde mukayala lero pakatha miyezi iwiri apindika n'kusiya mipata. Asungeni pamthunzi miyezi ingapo atasanjikizidwa ndi timitengo pakati. Ena amapakidwa mankhwala a chiswe kapena oyilo wakuda wa galimoto, amenewo asayandikire fodya. Yesani chonchi, kachidutswa ka thabwalo mukatsekere m'botolo lagalasi ndi cigar mmodzi wotchipa kwa sabata ziwiri, kenako mumuyatse mumve.

Njira yachitatu: kuyala matabwa n'kuikamo makina a chinyezi ndi fani

Kabati ikatalika kufika m'chifuwa, mapaketi okha amalephera kufalitsa chinyezi, shelefu ina imaonetsa 72 ina 63. Apa anthu amaika makina ngati Cigar Oasis omwe ali ndi kathanki ka madzi ndi ka fani kamene kamayaka chinyezi chikatsika, ena amawonjezera fani ya kompyuta ya mavoti 12 yoyaka mphindi zochepa pa ola.

Mtengo. Zonse za njira yoyamba kapena yachiwiri, kuphatikiza makina, adaputa ndi choteteza magetsi akabwera mwamphamvu.

Kapezekedwe. Makinawo ndi oitanitsa kunja, ndipo onani ngati adaputa yake ikulola mavoti 230 athuwa poti zina za ku America zimafuna 110. Fani ya kompyuta ndiye ili paliponse kwa okonza makompyuta.

Kasamalidwe. Kuthira madzi m'kathanki, kutsuka kuti musamere chuku, kusintha katiriji ikatha, komanso kumafananiza sensa yake ndi hygrometer yanu yoyesedwa ija.

Zoopsa. Makinawa amangowonjezera chinyezi, sachotsa. Mu Febuluwale mvula ikugwa sabata yathunthu amangokhala chete pomwe mkati muli 78, nde mufunikabe timikanda touma pambali. Magetsi akathima maola ambiri nyengo youma chinyezi chimatsika, ngakhale thabwa lomwa bwino limagwirako tsiku limodzi kapena awiri. Sensa ikasokonekera ikhoza kupopera osaleka inu muli ku ulendo. Bowo la waya mulitseke ndi silikoni.

Njira yachinayi: kabati ikhale chovala chabe, mkati mabokosi otseka mpweya

Apa kabati simuigwira n'komwe. Mumagula makontena a pulasitiki a chakudya okhala ndi labala pachivindikiro ndi zokanikizira m'mbali, kapena cooler box yaing'ono yolowa m'munsi mwa kabati, mutsuke ndi madzi ofunda ndi soda muyanike mpaka fungo la pulasitiki lithe, pansi muyale timapepala ta cedar, muikemo paketi ya 65 kapena 69 ndi hygrometer, basi. Kunja alendo akuona kabati ya agogo yokongola ija, mkati ntchito ikugwiridwa ndi labala. Ena amaiona ngati njira ya osauka, ine ndikuuzeni kuti pa zonse zomwe ndayesa iyi ndi yomwe nambala yake simasuntha, mvula igwe kapena kuwombe mphepo ya mu Ogasiti, ndipo kabati ya mayi anga ija lero ili chonchi, osabowoledwa pena paliponse.

Mtengo. Wochepetsetsa. Mapaketi amakhalitsa miyezi 6 kapena kupitirira chifukwa palibe pothawira chinyezi, ndipo mumagula molingana ndi kontena osati kabati yonse.

Kapezekedwe. Makontena ali m'masupamaketi ndi m'mashopu a ziwiya. Yang'anani pansi pake nambala 5 kapena zilembo PP. Mapaketi ndi opepuka, wachibale wochokera ku Joni akhoza kubweretsa a chaka chonse m'thumba la jekete.

Kasamalidwe. Tsegulani kamodzi pa sabata kapena ziwiri mpweya usinthe, makamaka ngati ma cigar ndi atsopano poti amatulutsa kafungo ka amoniya. Kupatula apo palibe.

Zoopsa. Poti mpweya sutuluka, mukalakwitsa n'kuika chinthu chonyowa kwambiri chuku chimabwera msanga, nde siponji ndi kambale ka madzi muno ayi. Ngati kabati ili ndi fungo lamphamvu likhoza kumalowa mukamatsegula, muyambe mwaiyanika ndi kuikamo makala kwa masabata angapo. Maonekedwe a mizere ya ma cigar kuseri kwa galasi simuwapeza. Koma pali phindu lina lalikulu, kachikumbu kakaswa m'kontena imodzi kamathera momwemo, pomwe m'kabati yoyala kamayenda shelefu ndi shelefu.

Njira yachisanu: kulowetsa kafiliji ka vinyo m'kabati

Iyi yokha ndi yomwe imalimbana ndi kutentha. Mumachotsa mashelefu ndi thabwa lakumbuyo, n'kulowetsa kafiliji ka vinyo, mkati mwake n'kuikamo matileyi a cedar kapena mbawa ndi timikanda. Filiji wamba ya kukhitchini ayi, imazizira kwambiri ndipo imaumitsa.

Mtengo. Wokwera, kafilijiko komanso bilu ya magetsi mwezi ndi mwezi, ndipo ngati kwanu magetsi amathimathima muwerengere inveta kapena sola.

Kapezekedwe. Ku South Africa ndi ku UK timapezeka mosavuta olo takaunjika, kuno ndi mwa apo ndi apo m'mashopu akuluakulu a zamagetsi.

Kasamalidwe. Tsekani kabowo kotulutsira madzi kumbuyo koma muziyang'ana madontho pakhoma lamkati, ma cigar asagunde khomalo. Pukutani fumbi pa fani yakumbuyo. Siyani mpata kumbuyo ndi m'mbali kuti kutentha kuzituluka.

Zoopsa. Pali mitundu iwiri ndipo iliyonse ili ndi vuto lake. Ka thermoelectric, kopanda kompresa, sikaumitsa mpweya kwambiri ndipo sikachita phokoso, koma kamangotsitsa madigiri pafupifupi 10 kuchoka pa kutentha kwa chipinda, nde chipinda chikakhala 36 mkati muli cha m'ma 26, kachikumbu kakusangalalabe. Ka kompresa kamaziziritsa zenizeni koma kakayaka chinyezi chimagwa, kakazima chimakwera, ndipo chikuto cha cigar chimang'aluka ndi kusinthasintha koteroko pokhapokha ma cigar akhale m'makontena otseka mkatimo. Magetsi akathima n'kubweranso madzi amachita mame mkati. Komanso kabati yomwe mwaidula kumbuyo siibwereranso mwakale, ngati ndi ya chikumbutso ganizani kawiri.

Za kachikumbu, njira iliyonse yomwe mungasankhe

Ma cigar atsopano musawasakanize ndi akale tsiku lomwelo. Akulungeni m'mapulasitiki otseka awiri, tsiku limodzi m'filiji, masiku atatu kapena anayi mu freezer yofika madigiri 18 pansi pa ziro, tsiku linanso m'filiji, kenako afunde okha musanatsegule pulasitiki kuti asang'aluke. Izi ndi zofunika kaya ndi ochokera ku Cuba, Nicaragua, Dominican Republic, kaya ndi apafupi ngati Bongani wa ku Maputo ndi Mosi Oa Tunya wa ku Harare. Ndipo ndikupempheni ndi mtima wonse, musayerekeze kuika mapilitsi osungira chimanga aja kapena kuwaza Actellic m'kabati, mpweya wa mapilitsiwo umapha anthu m'nyumba, ndipo ichi ndi chinthu chomwe mudzachiika pakamwa. Kabati ikhalenso ndi loko ngati pakhomo pali ana, fodya ndi fodya olo akhale wodula.

Nde inuyo mutenge iti

Ngati ma cigar anu sapitirira 100, kapena amangobwera wina akachokera kunja, tengani yachinayi musavutike, kabati yaikulu yopanda kanthu imavuta kusunga chinyezi kuposa kontena yodzadza. Chimodzimodzi ngati kabatiyo ndi ya chipboard, ili ndi kafungo, ndi ya malemu ndipo simukufuna kuibowola, kapena muli pa lendi ndipo mumasamukasamuka.

Ngati muli kozizira monga Dedza, Mzuzu kapena kumtunda kwa Zomba, nyumba ili ndi siling'i, kabati ndi ya thabwa lenileni ndipo muli ndi kalipentala wodekha yemwe sathamangira kukhoma, yachiwiri ikukwanirani, muike kabatiyo kukhoma losawombedwa ndi dzuwa. Yoyamba ndi ya amene ali ndi njira yodalirika yopezera Spanish cedar, makamaka abale a ku South Africa ndi ku UK, ndipo akufuna kusunga mabokosi zaka zambiri kuti fodya akhwime ndi kafungo kaja.

Yachitatu ndi ya kabati yaitali ya ma cigar mazanamazana, monga pa loji kapena bala, komanso ya malo ouma nthawi yaitali ngati Johannesburg m'nyengo yozizira ndi nyumba za ku UK ma heater akayaka, bola pakhale munthu woyang'ana nambala tsiku ndi tsiku.

Ngati muli ku Salima, Mangochi, Karonga, Chikwawa, Nsanje kapena Tete, yambani ndi funso la kutentha. Muli ndi magetsi odalirika kapena sola, tengani yachisanu ya kompresa ndipo ma cigar akhale m'makontena mkatimo. Mulibe, tengani cooler box ya njira yachinayi muiike pansi pa simenti m'chipinda chozizirirapo m'nyumbamo, chilichonse chatsopano chiyambe chadutsa mu freezer, ndipo muzigula ochepa oti atha miyezi iwiri isanakwane.